Wofooka Posambira Tisamubweze Pagombe

Pa tchuthi chachitali cha chaka chatha ndidapita kukacheza kwa amalume anga amene amakhala m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhotakota. Kumeneko ndidapeza bambo ena achikulire, omwe kale adagwirapo ntchito yopulumutsa anthu pamadzi pa hotela ina, akusonkhanitsa anyamata ndi atsikana m'mawa uliwonse ndi kumawaphunzitsa ntchito yawoyo kwaulere. Amalume adandiuza kuti m'malo mongokhala pakhonde ndipite nawo. Tidalipo ana 14.

Tsiku loyamba aphunzitsiwo adazika nsungwi ziwiri m'madzi ofika m'chifuwa, motalikirana mamita 50 motsatira gombe, nati aliyense asambire kuchokera pa nsungwi ina kukafika pa inzake ndi kubwerako osaponda pansi. Ana a asodzi adangoti psiti ngati usipa. Ine, mwana wa kumtunda wozolowera kusamba m'ndowa, ndisadafike n'komwe pa nsungwi yachiwiri ndidamwa madzi, n'kuima, n'kuyamba kutsokomola. Padali mnyamata winanso amene adalephera kuposa ine, pakuti iyeyo adaima atangopalasa kasanu. Anzathu adaseka kwambiri, ndipo wina adafuula kuti, “Awawa adzapulumutsa yani? Tidzayamba tapulumutsa iwowo!” Aphunzitsi sadaseke nawo. Adangotiyang'ana awirife nati, “Ana anga, mawa mubwerenso.”

Funso la mnyamata wosekayo ndi limene landichititsa kulemba nkhaniyi, chifukwa si funso lopusa ayi. Kodi munthu wosambira mofooka n'ngoyenera kuphunzitsidwa ntchito yopulumutsa anzake pamadzi? Maganizo anga ndi akuti inde n'ngoyenera, ndipo mphunzitsi amene amabweza otere tsiku loyamba amataya anthu omwe dziko likuwafuna. Komabe ndikuti muyeso wa mayeso usatsitsidwe chifukwa cha chifundo. Chofunika kuonjezera ndi nthawi yophunzira.

Tiyambe taona kukula kwa vutoli. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lidatulutsa lipoti mu 2024 lonena kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi. Uku ndi kunena kuti anthu oposa 30 pa ola lililonse. Ambiri mwa iwo adali a m'maiko osauka ndi apakatikati, ndipo tikayerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chidali patsogolo pa imfa zoterezi. Ana ndi achinyamata ndiwo amafa kwambiri. Chifukwa cha ichi, mu 2021 bungwe la United Nations lidakhazikitsa tsiku la 25 July kuti chaka chilichonse anthu azikumbutsana za kupewa kumira.

Ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa ndi alendo za ukali wa madzi. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 500, ndipo malo ena kumpoto ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, ngakhale asodzi odziwa amakokera mabwato awo kumtunda. Agogo athu amakumbukira sitima ya Vipya imene idamira mu 1946 ndi kupha anthu 145. Ife tomwe tidaona zimene namondwe wa Freddy adachita m'chigawo cha kummwera mu March 2023. Koma kupatula ngozi zazikulu zomveka pa wailesi, pali imfa zina zongomveka pamudzi: mwana wogwera m'chitsime chosavundikira, mnyamata wokokoloka powoloka mtsinje wodzaza pochokera kusukulu, mayi woterereka pochapa, gulu la ophunzira lopita kukaona nyanja n'kubwerako mmodzi akusowa. Pamalo ambiri otere sipakhala munthu wovala yunifomu woyang'anira osambira. Amene amakhalapo ndi ife anthu wamba. Tsono ngati tinganene kuti maphunziro opulumutsa ndi a akatswiri okha osambira ngati nsomba, ndiye kuti magombe ndi madooko ambiri adzakhalabe opanda wodziwa chochita.

Chifukwa choyamba chimene ndikunenera kuti wofooka asabwezedwe ndi chakuti gawo lalikulu la ntchito yopulumutsa silichitikira m'madzi. Sabata yoyamba yonse aphunzitsi athu adatiphunzitsa za maso. Ambiri timaganiza kuti munthu womira amakuwa ndi kukweza manja monga timaonera m'mafilimu. Zoona zake n'zakuti kawirikawiri amamira mwakachetechete. Pakamwa pake pamangotuluka ndi kulowa m'madzi, ndipo kanthawi kochepa komwe pali kunja amakagwiritsa ntchito kukoka mpweya, motero sangathe kuitana. Thupi lake limaima chilili, mutu utapendekera kumbuyo, manja akumenya madzi m'mbali ngati wofuna kukwera makwerero osaoneka. Katswiri wina wa ku America, Frank Pia, amene adaphunzira khalidweli poonetsetsa anthu omira pa gombe lina la ku New York, adapeza kuti munthu wotere amangokhala pamwamba pa madzi kwa masekondi 20 mpaka 60 basi. Amene sadziwa zizindikirozi angathe kuona mwana akumira pafupi naye n'kumayesa kuti akusewera.

Tsiku lina aphunzitsi adapangana mobisa ndi mtsikana wina wodziwa kusambira kuti ayerekeze kumira mwa njira imeneyi pamene tonse tidali kusewera m'madzi. Akatswiri aja adali otanganidwa ndi mpikisano wawo. Amene adaona msanga n'kuliza wezulo adali mnzanga uja woima atapalasa kasanu. Sindikuyesa kuti zidachitika mwangozi. Munthu amene adamwapo madzi amadziwa maonekedwe a nkhope ya munthu wosowa mpweya, ndipo popeza amaopa madzi, maso ake sachoka pa madziwo.

Titatha za maso tidaphunzira ndondomeko yopulumutsira, yomwe mabungwe a ntchitoyi amaphunzitsa m'maiko ambiri. Choyamba, itana anthu ndipo lankhula ndi womirayo mokweza kuti adziwe kuti thandizo lilipo. Chachiwiri, ngati ali pafupi, gona chafufumimba pamtunda kuti asakukokere m'madzi, ndipo mupatse nsonga ya nsungwi, nkhafi, nthambi kapena chitenje. Chachitatu, ngati ali patali, muponyere chinthu choyandama monga chigubu chopanda kanthu chotsekedwa bwino, makamaka chomangirira ku chingwe. Chachinayi, ngati pali bwato ndipo ukudziwa kupalasa, pita ndi bwatolo. Kulowa m'madzi n'kusambira ndi njira yotsiriza, ya okhawo ophunzitsidwa bwino, ndipo nawonso amapita atanyamula choyandama choti chikhale pakati pa iwo ndi womirayo. Chifukwa chake n'chakuti munthu womira sadziwa mbale. Amagwira chilichonse ndi mphamvu zoopsa n'kuchikwera, ndipo nthawi zambiri tamva za maliro awiri pamene padayenera kukhala kupulumuka kwa mmodzi. Taonani tsono, owerenga anzanga, kuti mwa njira zisanuzi, zinayi sizifuna kuti munthu akhale katswiri wosambira. Zimafuna mutu wodekha, dzanja lozolowera kuponya chingwe molunjika, ndi mtima womvera malamulo.

Chimodzimodzinso chithandizo choyamba. Womira akatulutsidwa ndipo sakupuma, chimene chikumupha ndi kusowa mpweya. Tidaphunzira kumugoneka chagada pamalo olimba, kupendeketsa mutu ndi kukweza chibwano kuti njira ya mpweya itseguke, kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu, kenaka kudidikiza pakati pa chifuwa ka 30 ndi kuuzira kawiri, mobwerezabwereza, wina atathamangira kukafuna galimoto kapena a chipatala. Tidauzidwanso kuti tisataye nthawi ndi kumuzondotsa kapena kumuponda pamimba pofuna kutulutsa madzi monga ena amachitira kumidzi, pakuti zimenezi zimachedwetsa mpweya ndipo zingamusanzitse n'kumutsamwitsa. Ndipo aliyense amene wapulumutsidwa atamwa madzi apite kuchipatala ngakhale akuoneka ngati wachira. Kodi pa zonsezi ndi pati pamene liwiro la kusambira likufunika?

Chifukwa chachiwiri ndi chakuti kusambira si mphatso yobadwa nayo. Ana a asodzi aja amaoneka ngati adabadwira m'madzi, koma kungoti adayamba ali aang'ono ndipo asambira masiku osawerengeka. Wofooka nthawi zambiri mphamvu ali nazo, koma vuto lake limakhala kapumidwe ndi mantha. Amasunga mpweya m'chifuwa m'malo moutulutsira m'madzi, amadzutsa mutu kwambiri kotero kuti miyendo imamira, ndipo amamenya madzi mwaphuma mpaka kutopa asadapite patali. Zonsezi zimakonzeka. Aphunzitsi athu adatipatula awirife n'kutiyambitsa pa zinthu zimene anzathu ankaziona ngati za ana: kumiza nkhope ndi kutulutsa thovu, kugona chagada pamadzi manja atatambasulidwa mpaka kuwerenga 30, kumenya miyendo titagwira chigubu. Tsiku lililonse ankasuntha nsungwi yathu pang'ono. Mamita 10 adasanduka 15, ndipo 15 adasanduka 25. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo ine mwambiwu ndidaumvetsa bwino ndili m'madzi kusiyana ndi m'kalasi la Chichewa.

Amene amatsata zamasewera mwina adamvapo za Eric Moussambani wa ku Equatorial Guinea. Pa masewera a Olimpiki a ku Sydney mu 2000 adapikisana nawo pa mamita 100, atangophunzira kusambira kwa miyezi yowerengeka m'kadziwe kakang'ono ka pa hotela. Anzake awiri a m'gulu lake adachotsedwa chifukwa chodumpha nthawi isadakwane, ndipo iye adasambira yekha pamaso pa khamu la anthu. Chakumapeto adatopa kotero kuti ena adayesa kuti safika, koma adafika, pa mphindi imodzi ndi masekondi 52.72, pamene Pieter van den Hoogenband amene adapambana mpikisanowo adatenga masekondi 48.30. Ambiri adamuseka. Iye sadaleke kusambira, nthawi yake idatsika kwambiri m'zaka zotsatira, ndipo mu 2012 adasankhidwa kukhala mphunzitsi wa timu ya dziko lake. Akadabwezedwa tsiku loyamba, dziko lake likadataya mphunzitsi.

Chitsanzo china chofanana kwambiri ndi moyo wathu ndi cha ku Bangladesh, dziko la mitsinje ndi maiwe ambiri kumene ana ochuluka amafa pomira. Mu 2006 kudayamba ntchito yotchedwa SwimSafe. Popeza kumidzi kulibe maiwe osambiramo omangidwa ndi simenti, iwo amamanga nsanja ndi mpanda wa nsungwi m'dziwe la pamudzi kuti pakhale malo osaya ndi otetezeka. Achinyamata a m'mudzi momwemo amaphunzitsidwa kukhala aphunzitsi. Mwana amayesedwa kuti wakhoza akatha kusambira mamita 25, kuyandama masekondi 30, ndi kupulumutsa mnzake ali pamtunda. Kafukufuku adaonetsa kuti imfa zomira zidachepa kwambiri pakati pa ana amene adaphunzira. Cholinga chawo chidali kutenga ana wamba, amantha ndi ofooka omwe, n'kuwafikitsa pa muyeso wodziwika. Nsungwi tili nazo, zigubu tili nazo, achinyamata tilipo.

Chifukwa chachitatu ndi cha khalidwe. Madzi amakonda kutenga odzikhulupirira. Padziko lonse amuna amafa pomira kuposa akazi kowirikiza, ndipo zina mwa zifukwa zake ndi kusambira wekha, kumwa mowa, ndi kudzionetsa pamaso pa anzako. Mnyamata amene sadalepherepo m'madzi amavutika kumvetsa chifukwa chake ayenera kuyamba wafunafuna chingwe pamene angathe kungodumphira. Koma amene wafika pa mamita 100 movutikira amadziwa malire a mphamvu zake, ndipo kudziwa malire ndi chida chachikulu cha wopulumutsa. Komanso tsiku limene wotereyu adzaphunzitse ena, adzaleza mtima ndi mwana wonjenjemera pagombe, popeza naye adanjenjemerapo. Katswiri wobadwira kunyanja nthawi zina amangoti, “Tangochita chonchi,” osatha kufotokoza chimene thupi lake limachita lokha.

Tsono ndisabise mbali inayo. Alipo amene anganene kuti, “Mwana iwe, ukulankhula za moyo wa munthu. Mpira ukalephera umangoluza chigoli, koma wopulumutsa akalephera kumakhala maliro. Chifundo pa wophunzira mmodzi chisaike pangozi anthu 100 osambira.” Mawu awa ndi oona ndipo ndikugwirizana nawo kwathunthu. Ku Britain, bungwe la Royal Life Saving Society, lomwe lidayamba ku London mu 1891, limafuna kuti munthu wofuna satifiketi yoyang'anira dziwe losambiramo akhale wa zaka 16 kapena kuposa, athe kusambira mamita 50 mphindi imodzi isadathe, asambire mamita 100 osapumira, ayandame pamadzi akuya kwa masekondi 30, amire mpaka pansi pa dziwe, ndiponso atuluke yekha popanda makwerero. Muyeso wotere sudaikidwe pofuna kuzunza anthu. Womira sadikira. Mphunzitsi amene angapereke satifiketi kwa munthu wosakwanitsa, chifukwa choti wayesetsa kapena chifukwa ndi mwana wa mnansi, wachita choipa kwa wophunzirayo ndi kwa onse amene adzamukhulupirire.

Koma kukana kupereka satifiketi lero n'kosiyana ndi kutseka chitseko. Mphunzitsi wabwino amati, “Sunafike, nachi chimene chikuperewera, ubwerenso.” Mphunzitsi waulesi amati, “Iwe si wa zimenezi.” Woyambayo amasunga muyeso n'kusunganso munthu, pamene wachiwiriyo amasankha amene adadziwa kale n'kumadzitama kuti waphunzitsa. Ndipo pamene wofookayo akulimbikira, angathe kupatsidwa udindo umene akuukwanitsa: kuyang'anira ali pamtunda, kuwerenga anthu polowa ndi potuluka m'madzi, kusunga chingwe ndi wezulo, kupereka chithandizo choyamba. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kupulumutsa munthu kumafuna woona, woponya chingwe, wokoka, wouzira mpweya ndi wothamangira thandizo.

Enanso anganene kuti kupirira kuli ndi malire, ndipo kukakamiza munthu pa chinthu chosatheka ndi nkhanza. Izinso n'zoona. Wodwala khunyu, mtima kapena mphumu ayambe waonana ndi a chipatala ndipo aphunzitsi adziwitsidwe. Kupirira kumene ndikunena sikutanthauza kudziponya pakuya kuti uonetse chamuna, kapena kukaphunzira wekha madzulo pofuna kudabwitsa anzako mawa. Kumeneko ndi kufuna imfa. Kupirira kwenikweni ndi kubwera tsiku lililonse pa nthawi yake, pamaso pa mphunzitsi, n'kuchita zomwezomwezo zotopetsa, anzako akuseka, mpaka thupi litazolowera. Kuthamanga sikufika.

Mwina mukufuna kudziwa mmene zidathera. Patatha masabata asanu padali mayeso. Ine ndidasambira mamita 100 osaponda pansi, koma pa mamita 50 a liwiro ndidachedwa ndi masekondi ambiri ndithu. Mnzanga uja adafika mamita 75 n'kuima. Tonse awiri tidalephera, ndipo aphunzitsi adatiuza mosabisa pamaso pa onse kuti tisayerekeze kulowa m'madzi kukatenga munthu. Koma pa kuponya chingwe mnzangayo adaposa gulu lonse, ndipo pa chithandizo choyamba tonse tidakhoza. Mwa ana 14 amene tidayamba, asanu adaleka pa njira, ndipo atatu mwa iwo adali a gulu la akatswiri lija, omwe adatopa ndi maphunziro a pamtunda. Pobwerera ndidamva chisoni pang'ono, koma amalume adati, “Mphwanga, udabwera usakutha mamita 50, ukubwerera ukutha 100. Nyanja sisamuka, udzaipeza.” Tchuthi chikubwerachi ndikupitanso.

Ndili ndi mapempho atatu. Kwa abambo ansembe ndi aphunzitsi athu, ndikupempha mwaulemu kuti ulendo uliwonse wopita kunyanja kapena kumtsinje usadachitike, tiziyamba taphunzira njira zopulumutsira tili pamtunda ndi chithandizo choyamba. Izi zingaphunzitsidwe pa bwalo la mpira ndi chingwe, chigubu ndi nsungwi, ndipo a chipatala kapena a Red Cross angathe kuitanidwa kudzatithandiza. Tikafika kumadziko, pazikhala munthu mmodzi wamkulu amene ntchito yake ndi kuyang'ana basi, tizisambira awiriawiri, ndipo tizifunsa eni dera za malo akuya, ng'ona, mvuu ndi malo a bango kumene kumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Safunsa adadya phula.

Kwa inu makolo athu, ndikudziwa kuti mumatiletsa kuyandikira madzi chifukwa chotikonda. Koma tsiku lina tidzawoloka mtsinje inu kulibe, tidzakwera bwato inu kulibe. Mwana woletsedwa amakasambira mobisa, kopanda womuona. Ndi bwino kutipezera munthu wamkulu wodziwa ndi malo otetezeka kuti tiphunzire poyera.

Kwa inu anzanga, amene mumadziwa kusambira lekani kuseka amene akumwa madzi, koma imani pafupi nawo. Ndipo inu amene muli ngati ine, musachite manyazi kuyamba ndi kutulutsa thovu pamadzi ofika m'chiuno pamene ana aang'ono akukudutsani. Mbewa yamanyazi idafera kuuna. Aphunzitsi akati mawa mubwerenso, dzukani m'mawa mupite.